Nyanja Kumbuyo Kwanga

Kwathu ndi kumtunda, kumapiri a kumadzulo kwa boma la Ntcheu, kumene chisanu chimang'amba zidendene. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3 pa mishoni, koma mpaka lero kalata zanga ndimalemba ndekha. Ndinakwatira kuchigwa, cha ku Kasinje, kwa anthu olima mpunga. Ukwati tinadalitsa m'tchalitchi. Ndinakhala chikamwini, monga zinalili nthawi imeneyo.

Apongozi anga aamuna anali atamwalira kale. Mwini mbumba anali malume ake a mkazi wanga, munthu wamfupi, wosaseka, mkulu wa mpingo. Sitinkadana, koma sitinkacheza. Ankandiona ngati khasu lobwereka. Ndinalima nawo mpunga madzinja awiri, matope m'mawondo, misundu m'miyendo. Mkazi wanga ankawokera pambali panga, ndipo ankandisiya kumbuyo tsiku lililonse. Sankalankhula zambiri. N'chimene ndinamukondera.

Chaka chachitatu ndinapita ku Joni, kumigodi, monga anzanga onse. Nditangofika ndinachita zimene aliyense ankachita: ndinalowa m'nyumba ya Mmwenye wojambula anthu, anandiveka jekete ya pamsomali, ndinaima kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa. Chithunzicho ndinatumiza kwa mkazi wanga. M'chigwa monse nyumba zambiri zinali ndi chithunzi chotere, jekete yomweyo, maluwa omwewo, nkhope zokha zosiyana.

Kontarakiti sindinaimalize. Kapitawo wina anandimenya ndi nsapato pamaso pa anthu. Ine sindimenyedwa kawiri. Ndinathawa, chitupa changa n'kutsala mu ofesi ya mgodi. Ndinayenda pansi, pena kubisala m'mabogi a malasha, mpaka ndinafika ku Debeni, mzinda wakale wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ndinapeza ntchito kunja kwa tauni, m'munda wa nthochi ndi ndiwo zamasamba wa Mmwenye wina amene sankafunsa chitupa. Kumudzi sindinalembe msanga. Munthu wothawa salengeza kumene wagona.

Lamulungu lililonse ife a ku Nyasalande tinkakumana m'shedi ya malata kuseri kwa msika. Tinkapemphera m'chinenero chathu, kenako n'kumafunsana za kumudzi. Tsiku lina tikutuluka ndinaona munthu atakhala pa mwala, akudya buledi. Anali msuweni wanga wa ku Sharpevale, mwana wa azakhali. Ankagwira ntchito yothira malasha m'sitima yapamadzi yoyenda pakati pa Beira ndi Debeni, ndipo anali atangochokera kumudzi kutchuthi. Atandiona, buledi anagwa.

"Iwe, choka apa," anatero. "Ife tinakulira kale."

"Waledzera m'mawa uno?"

"Ndikuti unafa. Mbuzi ya pamaliro ako ndinadya nawo. Inali yowonda ngati iwe wemwe."

Anandigwira mkono, n'kuufinya, n'kuusiya. Kenako analeka nthabwala nandiuza zonse. Sabata imene ndinathawa, thanthwe linagwa pansi pa mgodi, mbali imene gulu langa linkakumba. Anthu ena sanatulutsidwe n'komwe. Munthu wa kufupi ndi kwathu ataona kuti pogona panga palibe munthu, ndipo nambala yanga siikuyankhidwa, anakauza akumudzi kuti ndili pansi pa thanthwelo. Analira maliro opanda mtembo. Mkazi wanga anamumeta. Tsopano ankangodikira kuti mpunga ukololedwe, amusudzule. Bambo wina wa m'mudzi momwemo, wofedwa mkazi, wa munda wogundana ndi wawo, anali atatumiza kale nkhoswe.

"Ndilemba kalata lero lomwe," ndinatero.

"Lemba. Amalume aja akanena kuti kalata amalemba aliyense. Chaka chatha wina analembera mkazi wamasiye m'dzina la mwamuna wake womwalira, kupempha kuti amutumizire bulangete. Kuchokera pamenepo sakhulupiriranso pepala."

"Iweyo wandiona ndi maso. Ukanene."

"Ine? Ndine msuweni wako, ndiponso amandidziwa kuti ndimamwa. Nditawauza kuti kunja kwacha, angatume mwana kukasuzumira."

"Chithunzi changa ali nacho."

"Cha maluwa chija? Chimenecho unajambulitsa usanafe."

Ananena zoona. Chithunzi china cha m'nyumba ya Mmwenye sichikanathandiza, poti nsalu ya maluwa ya ku Debeni ndi ya ku Joni n'chimodzimodzi. Pankafunika chithunzi chimene sichikanajambulidwa ku Joni. Ku Joni kulibe nyanja. Ndikanaima ine, nkhope yanga poyera, nyanja ndi sitima kumbuyo kwanga, ngakhale malume aja akanavomera kuti ndinatuluka m'mgodi wamoyo. Kupita ndekha sikukanatheka. Wopanda chitupa sakwera sitima, ndipo njira ya kumtunda imadutsa kumene ndinathawa. Msuweni wanga anali ndi ulendo umodzi wa ku Beira ndi kubwerera, kenako womaliza, wosiya ntchito n'kupita kumudzi. Ndinali ndi milungu yochepa.

Pakati pathu wa kamera anali mmodzi, mkulu wina wa ku Dedza, wa imvi, khuki wa dona wamasiye. Anali mtchona weniweni, wa mkazi wa Chizulu ndi ana. Tonse tinkangowatchula akhuki. Kamerayo inali kabokosi kakuda kamene dona anawapatsa mwamuna wake atamwalira. Ankajambula nayo maukwati athu kuseri kwa shedi, dzuwa lili pamutu. Inali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya azungu, filimu ikusowa. Anali ndi imodzi yokha, yoyambidwa kale.

"Mphwanga, kamera imadya dzuwa," anandiuza. "Popanda dzuwa palibe chithunzi. Dona anandiphunzitsa zimenezo."

Anavomera kundithandiza osandiuza mtengo. Vuto linali malo ndi nthawi. Masana gombe lonse linali la azungu, ndipo apolisi ankafunsa chitupa munthu wakuda aliyense woima chabe. Nthawi yathu inali mbandakucha. Akhuki anali ndi kapepala ka dona kowaloleza kuyenda m'mawa kukagula nsomba. Ine ndinkasenza dengu ngati wantchito wawo, kamera ili pansi pa saka.

Tinayamba ndi gombe la kutsogolo kwa mahotela. Mchenga wake unali wosesedwa ngati bwalo la sukulu. Panali chikwangwani, ndipo ndinachiwerenga ndekha. Chinkanena za anthu ololedwa kuponda pamenepo. Tisanatsitse n'komwe dengu, anatulukira mlonda wa Chizulu ndi chibonga. Ine ndine Mngoni, ndipo makolo athu anachokera dziko lomwelo. Koma Chingoni chimene ndinkadziwa chinali cha m'nyimbo za ngoma ndi cha pamaliro. Ndinamupatsa moni ndi mawu amenewo. Anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kutsamira chibonga.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa akhuki.

"Akuti ukulankhula ngati agogo ake amene anawakwirira iye ali mwana."

Sanatimenye. Anatiuza kuti dzuwa likamatuluka apolisi achizungu amadutsa pamenepo pa akavalo, ndipo anatilozera njira yotulukira. Tinachoka kum'mawa kukufiira.

Lamulungu lotsatira tinapita kudoko. Kumeneko kunali khoma lakale la miyala lolowa m'madzi, ndipo sitima zinali pafupi moti munthu ukanawerenga mazenera ake. Malo abwino kuposa amenewo sindinawaonenso. Ndinauza akhuki kuti ndi pano. Iwo sanatsitse dengu pamutu panga. Anandilozera ndi mlomo msilikali amene anaima kumapeto kwa khoma, mfuti paphewa.

"Nthawi ya nkhondo ino, munthu wa kamera pafupi ndi sitima ndi kazitape," ananong'ona. "Iwe akakutsekera chifukwa cha chitupa, ine akandipachika. Ndili ndi ana. Sindifera chithunzi chako."

"Mungodina kamodzi."

"Nayenso angodina kamodzi. Tiye."

Tinagula nsomba za dona n'kubwerera.

Akhuki anaganiza za malo ena pamtunda, pafupi ndi linga lakale la asilikali, pamene panali mizinga yochita dzimbiri. Anati kumeneko sikufika wapolisi. Tinakwera kukuda, ndipo kutayera ndinaona chifukwa chake. Anali manda. Mitanda ya miyala ya azungu akalekale, ina yopendekeka, ina yothyoka. Nyanja inkaoneka kutali, kachidutswa ngati mpango woyanika, ndipo paliponse pamene ndikanaima, mtanda ukanalowa m'chithunzi.

"Ima apo, dzuwa likubwera," anatero akhuki.

"Ayi."

"Wayamba mantha ndi mizimu ya azungu?"

"Munthu amene akumunena kuti anafa sajambulitsa pamanda."

Anandiyang'ana, n'kubweza kamera pansi pa saka. Panjira anandiuza kuti ndine wouma mutu ngati Angoni onse. Sindinakane.

Lamulungu lina kunachita mitambo, nyanja ndi thambo zikufanana ngati phulusa. Tinakhala pansi pa mlatho kudikira dzuwa limene silinabwere. Kumudzi inali nyengo imene mpunga umawerama, ana akupirikitsa mbalame m'minda. Ndinkadziwa zimenezi popanda wondiuza. Pakati pa sabata ndinkadula nthochi za Mmwenye, osalankhula ndi munthu.

Amene anatipezera malo anali msodzi wa Chimwenye amene akhuki ankagulako nsomba. Tsidya lina la khomo la doko kuli phiri lalitali la thengo, ndipo kuseri kwake azungu ankadulirako anamgumi, zinsomba zazikulu ngati nyumba. Fungo la kumeneko linkathamangitsa aliyense. Kunalibe hotela, kunalibe akavalo. Kunali miyala yakuda yolowa m'madzi, ndipo sitima zodikira kulowa padoko zinkaima moyang'anana ndi miyalayo. Msodziyo anavomera kutiwolotsa m'bwato lake popita kukaponya ukonde.

Tsikulo ndinavala zanga. Shati ya khaki ndinachapa ndekha n'kuigonera kuti iwongoke. Chipewa chinali changa, nsapato zanga. Sindinafune kanthu kobwereka. Tinafika nyenyezi zikuzima. Fungo linali loti akhuki anamanga mpango pamphuno. Thambo linali loyera, lopanda kamtambo. Sitima ziwiri zinaima pamadzi, imodzi ikufuka utsi.

Gombe la mzinda umenewo limayang'ana kum'mawa. Kuti nyanja ikhale kumbuyo kwanga, ndinayenera kufulatira kotulukira dzuwa. Ife tinaona ngati mwayi. Akhuki anandikweza pa mwala waukulu, n'kubwerera m'mbuyo, kabokosi atakagwira pamimba.

"Osadina msanga," ndinatero.

"Usandiphunzitse ntchito. Tilidikire lituluke lonse, kamera idye ikhute."

Adzukulu a mlongo wanga amandifunsa ngati dzuwa limakongola potuluka m'nyanja yamchere. Sindikudziwa. Ndinalifulatira. Ndinangoona nkhope ya akhuki ikufiira, kenako kuwala, miyala yonse n'kuchita ngati yanyowa mafuta. Kutentha ndinakumva pakhosi. Akhuki anawerama kuyang'ana m'kagalasi ka pamwamba pa kamera, misozi ikutsika chifukwa cha kuthobwa.

"Mukundiona?"

"Ine sindikukuona bwino, koma kamera ikukuona. Dzuwa ngati ili sindinalipezepo. Vula mkwiyo kumasoko, akuthawa ana."

Sindinaseke. Ndinaima chilili, manja m'mbali, ngati pa mzere wa kusukulu. Anadina, n'kupukusa, n'kudinanso, mpaka filimu inatha. Pobwerera m'bwato akhuki ankaimba nyimbo ya kwawo. Inenso mtima unali pansi. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Filimu tinakaisiya kwa Mmwenye wotsuka zithunzi. Anatizengereza, akuti mapepala akusowa chifukwa cha nkhondo. Msuweni wanga anabwera kuchokera ku Beira, sitima yake inadzazidwa katundu, zithunzi zisanatuluke. Zinatuluka tsiku loti mawa lake anyamuka. Tinapita atatu. Ndinatsegula envulopu pakhomo pa sitolo pomwepo.

Nyanja inatuluka bwino, yowala ngati malata atsopano. Sitima inatuluka bwino, ndi utsi womwe. Pa mwala panaima chinthu chakuda bii, ngati chitsa cha m'lupsa. Chinali ndi chipewa, makutu ndi mapewa. Maso, mphuno, pakamwa, panalibe. Ndinayang'ana chachiwiri, chachitatu. Zonse chimodzimodzi.

Ndinabwerera mkati n'kumuuza Mmwenye kuti waononga zithunzi zanga. Sanakwiye. Anatenga chimodzi, n'kuloza ndi chala. Anati dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwa wojambula, osati kwa wojambulidwa. Anati pagombe limenelo munthu amene akufuna nyanja kumbuyo ajambulitse madzulo, dzuwa likamumenya kumaso. Ananena ngati chinthu chapafupi. Madzulo ndiyo nthawi imene azungu ankadzaza gombe, msodzi ali kumsika, akhuki ali pa mbaula ya dona. Filimu ina Mmwenyeyo analibe, ngakhale yogulitsa kwa mzungu.

Akhuki anakhala pansi pa khonde. "Dona sanandiuze zimenezo," anatero. Anabwereza kawiri. Sindinawadzudzule. Anandipatsa zonse zimene ankadziwa.

Msuweni wanga anachitenga, n'kuchitembenuza uku ndi uku. "Komatu wakongola kuposa kale," anatero. Palibe anaseka. Kenako anati, "Usatumize ichi. Chikakupha kachiwiri."

"Utenga."

"Ndikuti akazi akachiona athawa."

"Yang'ana phewa ilo." Phewa langa lamanzere n'lotsika, ng'ombe inandigwetsa ndili kubusa, fupa n'kulumikizana molakwika. M'chithunzimo linkaoneka bwinobwino. "Wondidziwa andizindikira. Wosandidziwa ndilibe naye ntchito."

Kuseri ndinalemba dzina langa ndi la mzindawo, ndi dzanja langa. Anachiika m'thumba la jekete. M'mawa mwake sitima inanyamuka.

Yankho silinabwere. Ndinalemba makalata, nawonso sanayankhidwe. Nkhondo inatha, malamulo anafewa pang'ono, ndipo Mmwenye wa nthochi anandithandiza kupeza mapepala. Panali patadutsa madzinja awiri. Ndinakwera sitima yapamadzi mpaka Beira, kenako ya pamtunda, n'kutsikira pa Sharpevale ndi sutikesi imodzi.

Msuweni wanga ndinamupeza akufolera nyumba. Anatsika pang'onopang'ono. Nthabwala analibe. Tinakhala pa mphasa, nandiuza mmene zinayendera.

Anafika mpunga uli m'nkhokwe, asanamusudzule mkazi wanga. Pa nthawi sanachedwe. Akulu a mpingo anakhala pa khonde la tchalitchi, anthu atazungulira. Malume aja anavala magalasi, nachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Sitima ndikuiona," anatero. "Madzi ndikuwaona. Munthu ali kuti?"

Chinayenda m'manja. Amayi ena analavula, n'kunena kuti ndi mmene amaonekera anthu otengedwa m'matsenga. Malume aja anawadzudzula kuti pano ndi pa tchalitchi. Iwo sananene za ufiti. Anangoti chinthu chakuda ichi chingakhale aliyense, ngakhale msuweni wangayo atavala chipewa. Dzina la kuseri, anati, amalemba aliyense. Amayi anga anali atatsika kuchokera kumapiri, ulendo wa tsiku lathunthu pa ndodo. Atachigwira anati, "Uyu ndi mwana wanga, onani phewali." Malume aja anayankha mwaulemu kuti mayi wofedwa amaona mwana wake ngakhale pa chitsa. Atafunsidwa msuweni wanga, analumbira kuti anadya nane, anandigwira mkono. Koma m'mawa umenewo anali atamwako pang'ono kuti alimbe mtima, ndipo fungo linafika kwa akulu a mpingo mawu ake asanafike. Mkazi wanga anamusudzula mwezi womwewo. Ukwati unachitika mvula isanagwe.

"Ndinayesetsa," anatero.

"Ndamva."

"Usapiteko. Ukakatani?"

M'mawa ndinapita ku Kasinje. Ndinalowa m'mudzi dzuwa lili pamutu, kuti aliyense andione. Ana amene sankandidziwa anandithamangira chifukwa cha sutikesi. Akulu amene ankandidziwa anaima patali. Mayi wina anasiya mtsuko pansi n'kulowa m'nyumba. Palibe anandipatsa dzanja mpaka anatuluka malume aja. Anali atakalamba. Anandiyang'ana kumaso, kenako paphewa, n'kutambasula dzanja.

"Mwafika, akamwini."

"Ndafika."

"Tinalakwitsa. Koma sitinachite mobisa. Tinafunsa, tinadikira."

"Ndikufuna kulankhula naye."

Anavomera, koma poyera. Mkazi wanga anali pa bwalo lopunthira mpunga, mwana kumbuyo. Mwamuna wake anaima pafupi ndi nkhokwe, akusenda kamtengo ndi mpeni, osakweza mutu. Mkaziyo anasiya ndodo, nagwada patali pang'ono monga amachitira kwa mlendo. Tsitsi linali litamera. Anali atanenepa pang'ono.

"Muli bwanji?" anatero.

"Chithunzi munachiona?"

"Ndinachiona."

"Simunandizindikire?"

"Ndinakuzindikirani chili m'manja mwa ena, chisanafike kwa ine."

"Nanga bwanji?"

"Anafunsa akulu a mpingo. Anafunsa amayi anu. Anafunsa ngakhale asuweni anu oledzera aja. Ine sanandifunse."

"Pakamwa munalibe?"

Anakweza maso koyamba. "Inuyo miyendo munalibe?"

Za chitupa ankazidziwa, msuweni wanga anali atawauza onse. Mwana anayamba kulira, ndipo anamutembenuzira kutsogolo n'kumupatsa bere. Anali wamwamuna, wa mphumi ya bambo ake.

Madzulo akulu a mpingo anandiitana. Anati nkhaniyi anaitumiza kwa mzungu wa ku mishoni, ndipo mwa buku ukwati woyamba ndiwo uli ndi mphamvu. Ndikafuna, wachiwiriwo authetsa, mkazi abwerera kwa ine, mwana n'kutsatira mayi wake. Malume aja anati sadzatsutsa. Onse anandiyang'ana. Mwamuna uja anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa pa bondo. Mkaziyo sanamuitane. Anali kunyumba, akuphika.

Ndinafunsa ngati amufunsa iyeyo. Anayang'anana. Mmodzi anati nkhani ya ukwati amakamba ankhoswe.

Ndinaimirira. Ndinawauza kuti ine sinditenga mkazi ndi buku, ndiponso sindilera mwana bambo wake akuonerera kuseri kwa mpanda. Ndinati zikhale mmene zilili. Wina anayamba pemphero. Ndinadikira kuti amalize, chifukwa ndine Mkhristu, kenako ndinanyamula sutikesi.

Ndinagona kwa msuweni wanga, m'mawa n'kuyamba kukwera mapiri. Amayi ndinawapeza amoyo koma maso atachita khungu. Anandizindikira ndi manja. Ndinamanga nyumba pafupi ndi ya mlongo wanga, n'kuyamba kulima mbatata ya kachewere. Anthu anandipezera akazi kangapo. Ndinakana. M'buku la mpingo dzina langa anali atalidula mzere, ndipo mlembi anachita kulilembanso pansi pa tsamba, pamodzi ndi ana obatizidwa chaka chimenecho.

M'sutikesi muja munali nsalu yabuluu ya madontho oyera imene ndinagula ku Beira pobwera. Inakhala momwemo mpaka njenjete zinayamba kuidya m'mphepete. Ndinaipereka kwa mlongo wanga. Anasoketsa diresi kwa telala wa pa boma, naivala ku tchalitchi mpaka inasuluka, kenako kumunda.